Zitsekerero makumi awiri

Hafu faifi, Lilongwe adakali m'bulangete,
ine ndili kale pa kabaza kuchokera ku Kawale,
thaulo m'jumbo, mano akugundana.
Mnyamata wa njinga anasiya kufunsa.
Tsiku loyamba, pobwerera, anacheuka:
"Mayi, jumbo ikudontha, mwagula matemba?"

Dziwe ndi la loji ina kuseri kwa mpanda wa njerwa.
Amati mamita makumi awiri ndi asanu;
ndinayeza ndekha ndi mapazi, awiri akusowa.
Ndimalipira pageti. Lisiti sapereka.

Zaka makumi anayi ndi zitatu,
ana awiri, ngongole ku banki m'khonde,
ndi bondo lomwe dokotala wa ku Sentolo
analigogoda kawiri n'kunena kuti zothamanga basi.
Ndiye ndinabwera kudzayamba ndi imvi
zomwe ana a eni ake amadziwa asanagwe mano.

Kuno kulibe woimba wenzulo.
Wotchi ya pakhoma inaima pa teni koloko
ya chaka chomwe palibe akukumbuka.
Ndimawerenga ndi zitsekerero za mabotolo:
makumi awiri, mulu umodzi m'mphepete.
Kupita n'kubwera, chimodzi chisamuke.
Ndikaiwala, ndimadzilanga ndekha,
chitsekerero chibwerere kwawo.
Ndikadzinamiza, ndimadziwanso ndekha,
ndipo pamenepo ndiye powawa.

Mu Juni madzi amacheka ngati lezala.
Ndimaima pamakwerero, madzi m'chiuno,
kukambirana ndi thupi ngati pamsika wa kaunjika:
tsitsako pang'ono, inenso ndionjezera.
Kenako phava!
mzinda wonse zii.
Kulibe hutala, kulibe kondakitala,
mzere wakuda wokha pansi
ndi thovu langa likukwera.

Mphunzitsi wanga amakhala m'foni,
amalankhula Chingerezi chothamanga,
amafa bandulo ikatha.
Sanandionepo ndikumwa madzi a dziwe lino,
sadziwa kuti kumanja ndimapuma ngati munthu,
kumanzere ngati mbuzi yogwera m'chitsime.

Kuofesi Tiyanjane amanunkhiza mpweya:
"Kodi mumasamba jiki?"
Bambo akunyumba, akumanga tayi:
"Mendulo yake mudzalandira kwa ndani?"
Sindiyankha. Mapewa amandiyankhira
ndikamakweza ndowa yodzaza osabuula.

Amati ukayenda siya phazi.
M'madzi phazi silitsala.
Ndikatuluka, dziwe limadzisita lokha
ngati sipanadutse munthu.

Okutobala, jakaranda wathothokera m'madzi,
a Gwedeza akuwola maluwa ndi ukonde wa ndodo yaitali.
Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi akusesa dziwe lino,
sanalowemo kupyola m'mawondo.
Miyezi isanu ndi itatu moni wathu ndi mutu wokha.
Tsiku limenelo, osandiyang'ana,
akulankhula ndi ukonde wawo:
"Dzanja lamanzerelo mumaliponya
ngati mukuingitsa nkhuku pa mphale."

Ndinakwiya mpaka chitsekerero chachisanu ndi chinayi.
Munthu wosadziwa n'kuyandama komwe!
Pa chakhumi ndinalitambasula dzanjalo,
kulilowetsa mwaulemu, zala patsogolo,
ngati ndikupereka chopereka kutchalitchi,
ndipo madzi ananditsegulira.
Khoma linafika msanga, ndisanalikonzekere,
ndinagunda mutu.

Ndinavuuka kuti ndiwauze.
Anali atapita kukazimitsa pampu.

Sabata yotsatira panali mnyamata wina,
zomvera nyimbo m'makutu.
A Gwedeza akuti anawasamutsira ku geti la usiku,
ena akuti anabwerera kwawo ku Mitundu.
Sindinafunse nambala yawo. Ndikanati ndi ya ndani?

Lero magetsi kulibe tsiku lachitatu,
madzi ayamba kubiriwira, mzere wakuda sukuoneka bwino.
Ndalowabe.
Zitsekerero zatsala khumi ndi zisanu ndi zinayi,
chimodzi khwangwala anatola.
Ndaika mwala m'malo mwake.
Dzanja lamanzere likayamba za nkhuku zija
ndimalikalipira ndekha m'madzi,
ndi mawu a munthu wina.